Chithunzi chimene chikanatisamutsa ku Zingwangwa

Senderani kuno pakhonde, mafoniwo muyambe mwaika pansi. Ine sukulu sindinaipondeko, koma za mlalang'amba mundifunse ine.

Namondwe uja atagumula phiri la Soche, chaka chotsatira tinkachita lendi ku Zingwangwa, ine ndi mdzukulu wanga wamkazi wa kusekondale. Tsiku lina anabwera ndi chithunzi chachikulu chimene anapata pa mpikisano wa sayansi, n'kuchimata pabalaza. Chakuda bii, pakati pali chinthu choyera chopindika ngati nkhata, michira yake yokhotakhota.

Alandilodi athu, mayi wamasiye, analowa kudzabwereka sefa. Maso awo anagwera pachithunzicho. Mng'ono wawo anapita ndi matope aja, ndipo masiku a namondweyo pawailesi yakanema ankaonetsa chozungulira chotere.

"Agogo, mwapachika namondwe m'nyumba mwanga? Mukumuitana abwerenso? Mwezi ukatha mundipatse makiyi."

Mwana anafuna kuching'amba. Ndinati ayi, chobisa ndiye chimaoneka ngati ufiti. Kutacha ndinakachipanika pachingwe cha zovala, pakati pa matewera a aneba, anthu ali pamzere pampopi.

"Iwe, fotokoza monga unafotokozera aphunzitsi ako."

Mwana anati si mtambo ayi, ndi mlalang'amba: nyenyezi zosawerengeka, iliyonse dzuwa payokha, zonse zikuzungulira powala pakatipo. M'michiramo ndi mobadwira nyenyezi zatsopano. Kunena za kutalika, kuwala kumene anajambulako kunanyamuka kwawo padziko pasanakhale munthu.

"Kuchedwa kumeneko kuposa minibasi yodikira kudzaza!" anatero bambo wokazinga tchipisi. Anthu anafa nacho chiseko.

Alandilodi, amene analinso pamzerepo, sanaseke. "Chibwera kuno?"

"Ayi, amayi. Sichibweretsa mvula kapena mphepo. Ngakhale dzuwa lathuli lili mu china chonga chomwechi."

"Ndiye tili m'kati kale?"

Apo ndinayankha ndine. "Tinabadwiramo, mayi. Malata anu chinayamba chasasulapo?"

Anachiyang'anitsitsa, n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Mukachimate kuchipinda. Pabalaza ndisachionenso."

Za makiyi sanatchulenso. Tinakhala m'nyumbamo mpaka mwana analemba mayeso ake; lero ali kukoleji, nkhani yake idakali nyenyezi. Alandilodi anagulitsa poloti, anatsatira mwana wawo ku Machinjiri, kutali ndi phirilo, ndipo kumwamba kukada amandiimbira foni. Watchipisi adakali pomwepo ndi pakamwa pake. Ine ndi uno, mano akutha koma mutu uli bwinobwino.