Kampira Kamene Achimwene Anu Anakasiya Pabedi

Bambo a Tadala, lero ndamva kuti kumayiko akunja, odwala okhalitsa pamakina opumira amawadzutsa minofu ya m'chifuwa ndi magetsi mpaka kuyambanso kupuma okha. Ndakumbuka chaka cha referendamu, minibasi itakuthyolani khosi pa Songani. Chipatala chinalibe makina, tinkasinthana kufinya kampira kokupumitsani ndi manja. Tsiku lina masana munandiphethira diso ngati mukuti ndikadye kaye.

Ndinasiyira achimwene anu. Iwo anaponya kampirako pabedi n'kuthamangira kwathu ku Domasi kukatenga njinga ndi wailesi yanu, inu mudakali moyo. Ndinakupezani mutazizira. Pano akalamba, akubanika ndi chifuwa, ati ndikawaone. Ndipita ndithu, bambo. Ndikakhala pambali pawo nditapinda manja, ndiziwaonerera.