Chitini cha Mabatani cha a Kingsford

A Kingsford Namakhwa anasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Limbe kwa zaka makumi awiri ndi zisanu. Makolo awo anachokera ku Mozambique, koma iwo anabadwira ku Soche, ndipo ndi komweko kumene anamanga banja ndi a Miriam. Anali munthu wosayankhulayankhula, wa mapini pakamwa tsiku lonse.

Impso zawo zitafooka, mlongo wawo a Winnie anapereka yawo imodzi. Opaleshoni inachitikira ku India. Anabwerako ndi mapiritsi akumwa m'mawa ndi madzulo moyo wonse, komanso mawu a dokotala akuti mankhwalawo amatsitsa dala chitetezo cha m'thupi, kuti thupi lisakane impso yachilendo.

Mawu amenewa sanawakhale bwino a Miriam. Anali atadwazikapo achimwene awo awiri m'zaka zija za maliro osatha, ndipo chimene anaphunzira n'chakuti chitetezo chikatsika, munthu wapita.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, matuza anatuluka m'nthiti mwa a Kingsford, mzere umodzi ngati lamba, otentha ngati makala. Anali mashingozi.

"Tipite kuchipatala, amake Eliot," anatero a Kingsford.

"Kuti akumpingo akatione pamzere ndi zimenezi? Mukudziwa zimene amanena munthu akatuluka mashingozi. Akukumalizani ndi mapiritsi anuwa. Pumulani kaye, thupi lipeze mphamvu."

A Miriam anathira mapiritsi onse m'chitini cha mabatani, nayamba kuphika phala la soya lothira cham'mwamba. A Kingsford sanatsutse, kutsutsa sanakuzolowere. Matuza anauma, a Miriam nathokoza Mulungu. Kenaka mapazi anayamba kutupa, mkodzo n'kuchepa.

Atapita nawo ku chipatala chachikulu, dokotala sanawakalipire a Miriam. "Mayi, aka ndi kachilombo ka katsabola wa paubwana. Kamangogona m'thupi, n'kudzuka chitetezo chikatsika. Mukanabwera, tikanapereka mankhwala ake, n'kuona ngati pafunika kuchepetsa kapena kusintha ena mwa mapiritsiwa. Osati kusiya onse."

Thupi linali litaikana kale impsoyo. A Kingsford anayamba kupita ku makina osefa magazi kawiri pa mlungu, ndipo za chitini chija sanauze wachibale aliyense. Anamwalira chaka chotsatira, mvula itangoyamba.

Pamaliro, a Winnie anagwira dzanja la a Miriam. "Alamu, tinayesetsa. Kaya impso yangayo ndiyo inali yofooka."

A Miriam anangoweramitsa mutu.

Mpaka lero a Winnie amadzera ku Soche Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi. Lamulungu lapitali batani la bulauzi yawo linathothoka, ndipo anafunsa ngati achimwene awo sanasiye ena. Chitini chija chinali pawindo pomwepo, kuseri kwa katani, mapiritsi aja akadali momwemo.

"Anatha onse, alamu," anatero a Miriam, napita kukawafunira pini.