Nambala ya a Ezelina

Domingos anabadwira mumsasa wa othawa nkhondo chakufupi ndi Sasare, patangotha chaka makolo ake atawoloka malire kuchokera ku Mozambique. Anapeza m'nyumba muli kale chisoni. Mlongo wake Luiza, wa zaka zinayi, anapulumuka m'manja mwa mayi awo, a Ezelina, tsiku limene mfuti zinalira m'mudzi, ndipo sanaonekenso. Nkhondo itatha anthu ambiri anabwerera kwawo, koma a Ezelina anakanitsitsa. Ankati mwana wofuna mayi ake amalondola kumene anthu anathawira.

Domingos anakula waluso komanso wouma mutu, ndipo ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi, pamakhala ntchito. Kompyuta anaiphunzirira pashopu ya fotokope ku Petauke, kumene kalata ikatuluka ndi cholakwika ankangokonza ndi bolopeni papepala pomwepo, kasitomala n'kumapita akumwetulira. Chizolowezi chimenechi ndicho chinadzamupweteka.

Mabanja amene sanabwerere ku Mozambique atagwirizana zotsegula tsamba la pa intaneti lofufuzira abale osowa, anasankha iyeyo kuti aziliyang'anira. Amene analikonza anali a Bernadette, mayi wodziwa zamapulogalamu wa ku Lusaka. Anamulongosolera bwinobwino. Mayina ndi manambala a foni amalembedwa mufayilo imodzi. Ukalamula kompyuta kuti imange, imatolera timapulogalamu tonse n'kutimanga mtolo umodzi, kenako imalemba tsamba latsopano loitana mtolowo, lakale n'kulifafaniza.

"A Domingos, fayilo iyi ni chikombole," anatero a Bernadette. "Mukalemba pa njelwa, njelwa yotsatila, ya mailo, izachoka ilibe kanthu. Muzikonza mu chikombole, osati pa tsamba lotuluka."

"Namvela, amai," anayankha iye, maso ali kwina.

Dzina loyamba kulembedwa linali la Luiza, pamodzi ndi mudzi wawo wakale, chipsera cha moto paphazi lamanzere, ndi nambala ya a Ezelina. Kuyambira tsikulo mayiwo foni ankaimangirira pansonga ya chitenje, ngakhale popita kudimba. Patatha chaka inagwera m'chitsime. Layini inali m'dzina la malemu amuna awo, motero kuibweza kunakanika. Domingos anawagulira ina, ndipo masana omwewo anatsegula tsamba lotuluka lija, nafufuta nambala yakale, nalemba yatsopano. Anawaonetsa mayi ake, iwo n'kukhutira. Chikombole sanachikhudze.

Lachisanu lake banja lina la ku Nyimba linabweretsa dzina la mbale wawo. Domingos analilemba, nalamula kompyuta kumanga, ndipo nambala yakale inabwerera pamalo pake mwakachetechete. Anamanga chomwecho zaka zitatu, anthu akumutama kuti mwana wa a Ezelina ndi katswiri. Padzina la mlongo wake sankayang'anapo n'komwe. Kuona mayi ake akudzidzimuka foni ikalira kunkamukwanira.

A Ezelina anamwalira nthawi yokolola thonje, foni ili pansi papilo, yodzaza moto.

Patapita milungu itatu Domingos anati achotse nambala ya malemu aikepo yake. Anatsegula tsamba lija. Pansi pa dzina la Luiza panali nambala ya foni ya m'chitsime ija. Anatenga foni ya mayi ake, naimba nambalayo. Inalira, ndipo anayankha bambo wina amene anati ndi Whiteson, mlimi wa ku Ndake.

"Iyi layini ninagula chaka chatha, bambo," anatero a Whiteson. "Koma nalema nayo. Kuli mzimai wa ku Tete, Sondo iliyonse atuma foni, ati afuna a Ezelina. Nimuuza kuti kulibe munthu wa dzina ilo kuno, samvela. Alila chabe."

"Anayamba liti?"

"Kuchokela pamene ninagula."

Chaka chathunthu. Chaka chimene a Ezelina ankapita kudimba ndi miyendo yawo, foni ili pachitenje. Domingos analibe woti amuloze chala. Anachenjezedwa masana dzuwa likuswa mtengo, iye n'kuyankha kuti wamva.

Anapempha nambala ya mzimayiyo, naimba. Inangolira kamodzi.

"Ndine Domingos, mwana wa a Ezelina," anatero. "Simunidziwa. Ninabadwa imwe mutasowa. Kodi paphazi lanu lamanzele..."

"Chipsera chilipo!" mzimayiyo anakuwa, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anaitana ana ake mayina, kuti abwere msanga adzamve agogo awo. Kenako anapuma, nati, "Mlongo wanga, apatseni amayi foni."

Domingos anaichotsa kukhutu n'kuiyang'ana. Kansalu ka chitenje kamene mayi ake ankamangira foniyo kanali kakadali pomwepo, mfundo yake yosamasula.