Wailesi ya a Jaji

Chimene sindinamvetse pa a Jaji n'chakuti munthu wokonda nyimbo chotere ankakhala wokwiya nazo tsiku lonse. Ena akamva nyimbo amagwedeza mutu, ena amaomba phazi pansi. Iwo ankakukuta mano. Ndinawadziwa monga mmene munthu amadziwira telala wake: ndinkawapititsira mathalauza, iwo n'kumandinena kuti ndanenepa. Sindinganene kuti anali munthu wabwino kapena woipa. Ankasoka mowongoka, ndipo kuyamikira kwanga kulekere pomwepo.

Shopu yawo inali kachipinda kamodzi ka khonde lalitali, pakati pa wometa ndi wokonza mawailesi. Mkatimo munali makina opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi chingwe chopachikapo zovala zosokedwa kale. Pashelefu, pamwamba pa makinawo, panali wailesi ya kaseti yakalekale, yofundika kansalu kopendera bwino kuposa diresi la mkwatibwi. Munthu ankatha kukhala patebulo lawo, kubwereka sizasi, ngakhale kuwaseka dazi. Koma wailesiyo ayi.

Dzina la Jaji linabadwira pakhondepo. Loweruka masana, ntchito ikachepa, okonda nyimbo ankasonkhana: Wometa, Namwino wa pachipatala chapafupi akaweruka, madalaivala angapo, ndi a Mawaya, wokonza mawailesi uja, amenenso anali mlamu wawo poti anakwatira mlongo wawo. Aliyense ankabwera ndi nyimbo yatsopano pafoni, ndipo a Jaji ankaweruza osadzutsa mutu pamakina.

"Iyi yatuluka dzana," Wometa ankatero. "Tauni yonse ikuvina."

"Tauni yonse imadwalanso chimfine. Zimitsa."

"Koma simunamumve n'komwe woyimbayo!"

"Ndamumva. Wina wamuponda chala."

Namwino sankagonja msanga. Ankaimirira, chikwama chikadali paphewa, n'kumateteza chimbale chimene wachikonda sabata imeneyo. A Jaji ankamusiya alankhule mpaka mpweya umuthere, kenako n'kuluma ulusi.

"Chimbale chonse ng'oma imodzimodzi, ngati mpopi wodontha. Inu a Namwino, odwala anu mukamawaimbira zimenezi amachira kapena amathawa?"

Anthu ankafa nacho chiseko, ndipo Loweruka linalo ankabweranso ndi zina kuti adzatukwanidwe bwino.

Muyeso wa a Jaji unali umodzi basi: woyimba wina wakale, amene anamwalira iwo akadali mnyamata. Pakhondepo ankangomutchula kuti Wachipewa, chifukwa cha chipewa chachikulu chimene anavala pachikuto cha kaseti. Mikangano ikafika povuta, a Jaji ankasiya kupalasa, kupukuta manja, kuvundukula wailesi ija n'kudina batani. Mawu ankatuluka olemera, odekha, okoka pang'onopang'ono ngati munthu amene alibe womudikira.

"Awa ndiye mawu a munthu wamkulu," ankatero, maso ali otseka. "Akuchokera m'mimba, osati m'mphuno. Tamvani mmene akudekhera. Sakuthamangira kukakwera basi ameneyu."

Nyimbo zomwezo akazimva pawailesi ya m'minibasi, ankanena kuti anyamata oulutsa mawu amazithamangitsa dala kuti apeze malo olengezera sopo. Za pafoni sankafuna n'kuzimva komwe. Ankati mawu a munthu wamkulu sangakwane m'kachitini.

Mavuto anayamba ndi mwana wamkazi wa mlongo wawo. Mtsikanayo anajambula nyimbo yake yoyamba, ndipo a Mawaya, bambo ake, anaibweretsa pakhonde pafoni.

"Alamu, tamverani mwana wathu."

A Jaji anamvera mpaka kumapeto, zimene sankachitira aliyense. Kenako anayambanso kupalasa.

"Muuzeni alimbikire sukulu. Ketulo ikamawira imaposa apa."

Palibe anaseka. A Mawaya anabweza foni m'thumba, n'kulowa m'shopu mwawo. M'mawa mwake mlongo wawo anafika zitseko zisanatseguke bwino.

"Achimwene, mwana sanadye kuyambira dzulo."

"Ndimunamize?"

"Mukanatha kungotseka pakamwa."

"Anandifunsa."

"Anakufunsani monga malume ake! Inu munayamba mwaimbapo chiyani? Ngakhale mluzu simutha. Mwakalamba muli nokha ndi chiwailesi chanucho, tsopano mukufuna aliyense akhale wowawa ngati inu."

A Jaji anapitiriza kudula nsalu. Mumtima ankadziona kuti ndi iwo okha otsala amene samanama pankhani ya nyimbo, ndipo zinkawapweteka kuti m'malo mowathokoza, anthu ankawakwiyira.

Pasanapite nthawi, kampani ina inatulutsanso chimbale chakale cha Wachipewa, italengeza kuti yachotsa phokoso lonse n'kusiya mawu monga mmene anajambulidwira. Namwino anabwera nacho akuthamanga, poganiza kuti tsiku limenelo awasangalatsa a Jaji. Nyimbo itangoyamba, makina anaima.

"Ndani ameneyu?"

"Wachipewa wanu, a Jaji."

"Wachipewa wa amako! Kamnyamata aka kakuthamanga ngati kakuthawa galu? Akuba! Munthu wamwalira, amudikira agone bwino, tsopano akumugulitsa ndi mawu a mbalame!"

"Koma alemba kuti awa ndiye enieni," Wometa anatero.

"Enieni ali apa!" Anamenya shelefu mpaka kansalu kanagwa. "Loweruka mubwere nonse. Itanani aliyense wamakutu. Bweretsani sipika yaikulu, tiimbe zonse ziwiri, yanu ndi yanga. Wina akadzandiuza kuti ndi munthu mmodzi, ine sindidzatsegulanso pakamwa pa nyimbo mpaka kufa. Mwandimva?"

Anawamva, ndipo nkhani inayenda msewu wonse.

Lowerukalo khonde linadzaza. Ena anakhala pamakerate, ena anaima mumsewu. Mlongo wawo anabweranso, n'kuima patali manja atapinda. Namwino analumikiza foni ku sipika, nyimbo inaimba pang'ono, a Jaji akugwedeza mutu monyansidwa ngati anunkhizidwa chinthu chowola. Kenako anakweza dzanja kuti izime. Anatulutsa wailesi yawo, kuiika patebulo pakati pa anthu, kuivundukula mosafulumira, n'kudina batani.

Panatuluka kamnyamata komwe kaja. Liwiro lomwelo, mawu omwewo, opepuka ndi osangalala.

A Jaji anazimitsa, anatulutsa kaseti n'kuitembenuza. Inali yawo, ya chikuto chong'ambika pakona. Anaibwezeramo, kudinanso. Kamnyamata kaja kanapitiriza pomwe kanalekera. Dalaivala wina anaphulika chiseko, ena n'kutsatira, mpaka Wometa anagwira chipupa.

"Ndani wagwira wailesi yanga?"

Sanakuwe, koma chiseko chinazilala. A Mawaya anakanda kumutu.

"Ndine, alamu. Lachinayi mutapita kogula nsalu, ndinatenga kiyi kwa achemwali anu. Ndinati lero ndi tsiku lalikulu, isakuchititseni manyazi. Lamba wake woyendetsa kaseti anali atatha, wofutukuka ngati lasitiki wa kabudula wakale. Ndaika watsopano."

"Munaiwononga."

"Ndinaikonza. Lamba akafooka, kaseti imayenda pang'onopang'ono, mawu n'kumalemera. Wakhala akufooka zaka zonsezi, khutu lanu likumutsatira. Wachipewa sanaimbepo mmene inu mumamumvera."

"Bodza!"

"Funsani aliyense pano. Tonse tinkadziwa kuti imakoka. Tinkangokusiyani."

A Jaji anayang'ana Wometa. Wometa anayang'ana nsapato zake. Namwino anayamba kufufuza chinthu m'chikwama. Apo m'pamene a Jaji anapsa mtima zenizeni. Zaka zonse zija ankatseka maso n'kumawaphunzitsa anthu amenewa mawu a munthu wamkulu, iwo akutsinana kumbali.

"Mwachita dala. Chifukwa cha ketulo ija."

"Ine ndimakonza zinthu zowonongeka, alamu. Ndi ntchito yanga. Inu mumanena zoona, si choncho? Lero mwamva zoona."

"Ndinakupemphani? Mbava inu! Mumalowa m'nyumba ya munthu ndi kiyi wobwereka, n'kumupha munthu amene ndakhala naye zaka zonsezi, kenako muziti mwandithandiza? Bwezerani lamba wanga!"

"Anapita ndi galimoto ya zinyalala."

A Jaji ananyamula simbi. Madalaivala awiri anawagwira mikono, simbi n'kugwera pansi. Mlongo wawo anakuwa kuti amuna akuluakulu achite manyazi, koma iwo sankamva kanthu. Anatukwana mlamu wawo, anatukwana kampani ija, anatukwana mafoni ndi amene anawapanga, mpaka mawu anawasasa. Khonde linatsala lopanda munthu.

Lolemba a Mawaya anabwera okha, chitsulo chomasulira mawailesi chili m'manja, nkhope itagwa. Mwina akazi awo anawatuma, mwina anangomva okha chisoni.

"Pa mota pali kamsomali kopotokola. Ndikhoza kuichepetsa liwiro. Muzindiuza pofika."

A Jaji anakankhira wailesi kutsogolo. A Mawaya anatsegula kumbuyo n'kuyamba kupotokola, nyimbo ikuimba. Mawu anatsika pang'ono.

"Apo?"

"Ayi."

Anapotokolanso.

"Nanga apo?"

"Ameneyo ndi chidakwa. Bwererani."

"Apa?"

"Ameneyo ndi kamnyamata kaja katagwidwa ndi tulo."

Anayesa m'mawa wonse, makasitomala akubwerera pakhomo. Lamba wakale uja ankatsetsereka mwa njira yakeyake, pena kukoka, pena kugwira, ndipo kamsomali sikakanatha kutsanzira zimenezo. Koma a Jaji ankadziwa kuti vuto silinali pamenepo pokha. Ngakhale mawu atafika pafupi, iwo ankaona dzanja la mlamu wawo likupotokola, ndipo ankamva munthu wopangidwa ndi chomasulira.

"Tsekani," anatero. "Tulukani."

Lonjezo lawo analisunga, ndipo analisunga mwankhanza. Loweruka anthu anabwera monga kale, mwamanyazi pang'ono. Wometa anasankha dala nyimbo yoipitsitsa imene anaipeza, n'kuikweza pafupi ndi khutu lawo.

"Iyi ndiye yabwino kuposa zonse za Wachipewa. Mukuti bwanji, a Jaji?"

Makina anapitiriza kulira.

"Tatukwanani pang'ono, bambo," Namwino anachonderera. "Sabata siikoma."

A Jaji anadzutsa mutu. "Muli ndi chosoketsa?"

"Ayi."

"Ndiye mukutchinga kuwala."

Popanda wowatsutsa, anthu aja anapeza kuti analibe zambiri zouzana. Wina ankati nyimbo ndi yabwino, wina n'kuvomera, nkhani n'kuthera pomwepo. Anayamba kuchepa mmodzimmodzi. Wailesi inakhala pashelefu yosavundukulidwa. A Jaji ankasoka mwaukali, singano zikuthyoka, ndipo munthu akadutsa mumsewu akuimba mluzu ankamenyetsa chitseko. Mawu olemera aja ankawafunafuna m'mutu, koma tsiku lililonse kamnyamata kaja kankalowerera, ndipo ankaopa kuti posachedwa sadzathanso kukumbukira mmene munthu wawo ankamvekera. Pakhonde limenelo aliyense ankadziwa mawu atsopanowo, ndipo khoma limodzi lokha ndi limene linkalekanitsa a Jaji ndi mlamu wawo amene anawabweretsa.

Anasiya kulandira ntchito yatsopano. Anamaliza zonse zimene zinali patebulo, kuzisita, kuzipachika pachingwe. Tsiku lina m'mawa mlongo wawo anawapeza atamasula mutu wa makina n'kuukulunga m'bulangeti. Wailesi inali m'chikwama, pamodzi ndi malaya ochepa.

"Achimwene, n'chiyani chimenechi?"

"Eni zovala akabwera uwapatse. Aliyense akudziwa chake."

"Mukupita kuti? Chifukwa cha kalamba ka mphira? Mlamu wanu wapepesa, mwana naye akuti zinatha. Mukufunanso chiyani?"

"Sindinapemphe kupepesedwa."

"Ndiye nenani kumene mukupita, anthu akandifunsa ndiziti chiyani?"

"Uziti sunandifunse bwino."

Anamupatsa kiyi, n'kusenza katundu wawo. A Mawaya anatuluka m'shopu mwawo kuti awathandize kunyamula, koma a Jaji anawalambalala ngati akulambalala chithaphwi. Wometa anasiya munthu atametedwa mbali imodzi, n'kuima pakhomo makina ometera akulira m'manja. Onse anawaona akutsika ndi msewu, atapendekeka mbali imene kunali mutu wa makina, mpaka anakhota pa siteji ya basi.

Madalaivala aja anafunsa anzawo a njira zonse, koma palibe amene anakumbukira kuti ananyamula mkulu wadazi wa katundu wolemera. Mlongo wawo anaimbira abale onse amene ankawadziwa, ndipo aliyense anati sanafike kumeneko.