Mkuzi m'kalata

Ndinali ndi setifiketi ya uphunzitsi ya ku mishoni, koma kalata yopita kwa amayi inkandikanika. Tinkakhala ku Port Herald, kumene bambo a mwana ankagwira ntchito ya njanji, kutha masabata osabwera kunyumba. Mwana wathu woyamba ankayamwa koma osanenepa, ndipo ndinalibe womufunsa. Anansi ankacheza m'Chisena, ine n'kumangomwetulira.

Amayi, kwathu ku Chikwawa, sankadziwa kuwerenga. Kalata iliyonse ankawawerengera mphunzitsi wa m'mudzi, mokweza, apongozi anga ali pomwepo. Ndikanalemba bwanji kuti mwana akundithera m'manja? Ndivomere, ndinkalemba bodza: "Kuno tili bwino tonse, kaya inu kumeneko."

Tsiku lina ndikumusambitsa mwanayo, mkuzi umene amayi anamumanga m'chiuno atangobadwa kwathuko unatsetsereka wokha mpaka kumapazi, mfundo yake ili chimangire. Ndinalemba moni wanga wa masiku onse uja, n'kupindira mkuziwo m'kalatamo.

M'mawa uliwonse ndinkapita kudoko, mwana kumsana, kukayang'ana mabwato ochokera kumtunda. Sabata yachiwiri ndinawaona amayi akutsika, mkuzi uli m'manja. Moni sanandipatse. Anangoti, "Tam'masula mwanayo kumsanako, ubwere naye kuno."