Jeli mu Ayezi wa Achemwali

Mbale ija inali yagalasi, ya timizere m'mbali, yobenthuka pang'ono pamlomo. Amayi ankaisunga pamwamba pa kabati itakutidwa ndi kansalu, ndipo woikhudza ankadziwa yekha kuti waputa mavu. Ndiwo sizinkalowamo, phala ayi. Ntchito yake inali imodzi basi: jeli.

Chinali chaka chimene matipate anali atangoyamba, sukulu itakhala yaulere, ana atasefukira mpaka pansi pa mitengo. Amayi anali mphunzitsi, ndipo anawasamutsa kwathu ku Ntcheu kupita kusukulu ina ya kunyanja, kupitirira Senga Bay. Tinapita awiriwiri, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anthu ankatipatsa moni bwinobwino, koma moniyo ankathera panjira. Lamlungu tikabwera kutchalitchi amayi ankangokhala pakhonde, maso kumsewu. Munthu mmodzi yekha ndiye ankalowa mpaka kukhitchini kwathu: mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Msilamu, mkazi wa bambo wogulitsa chambo. Amayi ankawatchula kuti achemwali, iwonso ankati achemwali, mpaka ine ndinkayesa kuti ndi dzina.

Jeli anabwera ndi amalume. Anakhala ku Joni zaka zambiri osaponda kumudzi, kuopa zimene anthu ankaopa masiku amenewo, ndipo zinthu zitasintha anatulukira ndi chipewa, wailesi ndi timapaketi khumi ndi tiwiri. Anatilangiza monyada kuti timathira madzi otentha, kenako ozizira, kenako mufiriji. Firiji! Ife ngakhale magetsi tinalibe. Ulendo woyamba amayi anakhazika mbaleyo pamtsuko, koma kutentha kwa Okutobala wa ku Salima sikuseka ndi munthu. Tinangomwa madzi ofiira m'makapu, amalume akuti vuto ndi dzikoli.

Anatipulumutsa ndi achemwali. Lachisanu lililonse m'mawa amuna awo ankalandira ayezi kuchokera kuboma, n'kumukwirira mu utuchi m'bokosi lathabwa, woti asungire chambo chopita ku Lilongwe. Achemwali anati malo alipo, koma tizibweretsa masana, amuna awo akapita kumzikiti, chifukwa akachoka kumeneko ankapitirira kudoko. Ankaikulunga mbale ija m'majumbo awiri, kumanga ndi luzi zolimba, n'kuikankhira pakona. Ine ndinkati akuteteza jeli wathu kufungo la nsomba. Ana timadziona ngati dziko lonse likutumikira mimba yathu.

Koma abale, tsiku loyamba limene anagwira! Amayi anamasula majumbo aja, jeli ali psuu, akunjenjemera ngati wamva malungo. Ndinamugunda ndi chala, anagwedezeka osatayika. Ndinaika nkhope pafupi n'kuona khomo lathu lonse litafiira. Supuni inkalowa mwakachetechete, ndipo pakamwa sankafuna mano: ankazizira kaye, kutsekemera, kenako n'kusowa usanamumvetse. Ndinkamusunga patsaya mpaka asungunuke. Wofiira anali wa sitiroberi, chipatso chimene ndinali ndisanachionepo. Sabata yotsatira tinadya wa lalanje, kenako wobiriwira amene ankasiya lilime ngati la nanzikambe. Amayi, omwe kusukulu ankaopedwa, ankanditulutsira lilime lawo n'kuseka mpaka misozi. Chichokereni kwathu ndinali ndisanawamve akuseka choncho.

Theka linkapita kwa achemwali m'mbale yachitsulo, ndipo mbaleyo sinkabwerera chabe. Mwina usipa, mwina zitumbuwa zotentha. Ankati zikomo kwambiri, tadya bwino.

Lachisanu la sabata yachinayi ndinazungulira kuseri kwa mpanda wawo kukaitana mwana wawo wamkazi, mnzanga wa fulaye. Ndinaona achemwali atagwada pansi pa nthochi. Anakumba kadzenje ndi chikwanje, kukhuthuliramo jeli yense, kukwirira, kenako n'kuyamba kukwecha mbale ndi dothi, kutsuka, kukwechanso. Mnzanga anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ashehe ananena kuti zinthu zimenezi amapanga ndi mafupa a nkhumba, ndi haramu. Iye anali asanalawepo ngakhale kamodzi. Anandichonderera kuti ndisanene, chifukwa abambo ake sankadziwa kuti mbale yathu imalowa m'bokosi lawo, ndipo anthu akanamva, nsomba zawo akanagula ndani?

Za nsombazo sindinazimve n'komwe. Ndinangomva kuti jeli amene ndikanadya ine akudyedwa ndi nyerere. Ndinathamangira kunyumba n'kukhuthula zonse kwa amayi.

Amayi sanakalipe. Anatulutsa paketi imodzi musutikesi, n'kuwerenga timalemba tachingerezi ta kumbuyo nthawi yaitali kuposa mmene mphunzitsi amawerengera. Zimene anapezamo sananene, ndipo mpaka lero sindidziwa.

"Wauzanso ndani?"

"Palibe."

"Zithere pompano."

Lachisanu lotsatira, anthu atapita kumzikiti, achemwali anaitana pampanda. "Achemwali, mbale ija lero kulibe?"

"Jeli watha, achemwali. Alongo anga anabweretsa wochepa."

Achemwali anakonza mpango wawo, n'kunena kuti pepani, mwanayu ankamukonda. Amayi anati koma mango ndiye alipo, kodi ayezi angawakane? Anasenda mango asanu, kuwadula m'mbale yagalasi ija, ndipo tsiku limenelo achemwali anaikulunga m'jumbo imodzi yokha. Itazizira tinadyera pamodzi pamphasa, tonse anayi, mbale imodzi, mnzanga akunyambita zala mpaka pachigongono. Zinatero Lachisanu lililonse mpaka mango anatha. Tinakhala kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo amayi atadwala chaka chachitatu, amene ankawasambitsa anali achemwali.

Ine tsiku loyamba la mango lija ndinadya nditatupa masaya. Ndinkadziwa kuti musutikesi mwatsala timapaketi tisanu ndi tiwiri, chifukwa ndinkatiwerenga amayi akachoka. Timapaketito tinakhala momwemo mpaka tinauma gwa ngati sopo. Masiku ano firiji ndili nayo, jeli ndimapangira adzukulu anga, wofiira yemweyo, koma satsekemera ngati uja wonunkhira utuchi wonyowa.

Ndimawasowa azimayi awiri aja. Pamphasa paja ndinkawayang'ana ndi mkwiyo, mumtima ndikuti uyu ndi wotaya chakudya, uyu ndi wabodza, ndipo sindinkamvetsa chifukwa chimene ankapatsirana chidutswa chomaliza, aliyense akukana kuti idyani ndinu, achemwali.