Tsiku Limene Mkamwini Wanga Anapakira

Ndinali m'shedi ya fodya, masamba ali pamiyendo, pamene mnzanga NaBanda analowa akuthamanga, mpango uli m'manja. "NaPhiri! Siyani zimenezo! Akupakira! Wabwereka ngolo, akupakira!" Ndinadzambatuka, fodya mbwee pansi, nthungululu n'kutuluka yokha m'kamwa. Folomani akuti, "Gogo, mwapenga?" Ndinati eya mwanawe, ndapenga, lemba m'buku lako kuti ndapenga, lero sindisankha tsamba la munthu.

Wopakirayo ndi Tichaona, mkamwini wanga, mwamuna wa malemu Esinati mwana wanga. Nyumba imene amatulukayo ndi yanga. Pulazi imene tinkagwirapo ntchito itagawidwa, ine ndi malemu amuna anga tinapeza kachigawo m'munsi mwa phiri, mbali ya ku Mutorashanga. Njerwa tinaumba tokha, malata tinasenza pamutu. Tichaona anabwera kudzakumba miyala ya kromu, anaona Esinati, n'kulowa m'nyumbamo. Esinati atamwalira anasiya kamtsikana, Tamandani. Chaka chisanathe, bambo uja anabweretsa mkazi wina, Rumbidzai, ndipo mphasa yanga ndinaipeza m'kachipinda kosungira feteleza.

Mawu ake ndikuwasungabe, sanaole. "Ambuya, kuno ndi ku Zimbabwe, mudzi ndi wa mwamuna. Inu mabwidi, a ku Malawi inu, mulibe kwanu. Taonani pachitupa panupo." Chitupa changa chinali ndi chilembo cha mlendo, ine wobadwira pa pulazi pomwepa, chifukwa choti atate anachokera ku Dedza wapansi. Manyazi anandigwira.

Ndiye Dokotala Moyo wa ku Chinhoyi, mayi wochiritsa ng'ombe amene ndinkamuchapira, anati wapeza ntchito ku dziko lotchedwa Bhutan, akufuna womulerera khanda. Ndinafunsa ngati kuli kupitirira Joni. Anaseka mpaka misozi. Anandiyendetsa m'maofesi, chilembo chija chinachoka, pasipoti n'kutuluka. Ndinati bola kukafera kwa eni kusiyana n'kugona ndi feteleza pakhomo panga. Tamandani anandigwira nsalu pokwera minibasi, ija timati kombi, ndinachita kumuchotsa chala chimodzichimodzi.

Mayo ine, mapiri! Awa a kwathu ndi zulu za chiswe. Ndege inalowa pakati pa mapiri ngati nkhuku yolowa m'khola, ine maso tsinzi, ndikuitana Yesu ndi amayi anga. Dzikolo ndi laling'ono, lilibe nyanja yaikulu ngati ife, lapanikizika pakati pa India ndi China. Nsonga za mapiri n'zoyera ndi chisanu, mitsinje imalira usana wonse, nkhalango zili gwaa, ndipo mtengo sudula osapempha boma. Amuna amavala mkanjo wolekeza m'maondo ndi masokosi aatali. Tsabola kwa iwo ndi ndiwo, amamuyanika padenga denga n'kufiira psuu. Tiyi amathira mchere ndi batala. Ndinalavula tsiku loyamba, chaka chachitatu ndinkapempha kapu yachiwiri.

Amapembedza Chibuda. Tinsalu ta mapemphero ali paliponse, mphepo ndiyo imawerenga. Amonke, ansembe awo ovala zofiira, amavina atavala nkhope zamitengo, ndipo nditaona ndinati, a Dokotala, awa ndi Gule, abale athu awa! Ali ndi mfumu, chithunzi chake chili m'sitolo iliyonse. Akuti atate ake anatula okha ufumu akadali ndi mphamvu, n'kuuza anthu kuti azivota, asankhe nyumba ya malamulo. Boma limayenda kufunsa anthu ngati akukondwa. Koma dalaivala wathu ananong'ona kuti kummwera kunali anthu ena amene anauzidwa kuti si a dzikolo, nathamangitsidwa. Ndinati ohoo, chilembo chija chilinso kuno.

Kusungulumwa kokha ndiye musanene. Wolankhula naye Chichewa anali khanda losadziwa kuyankha. Fodya wanga wamphuno anatha, wogulitsa osaoneka, ine wosankha fodya moyo wonse! Ndalama ndinkatumiza kwa NaBanda kuti Tamandani asachoke sukulu. NaBanda ankanditumizira mawu pafoni: "Mwana akutunga madzi anzake ali m'kalasi. Nsapato munagula zija wavala ndi mng'ono wake wa Rumbidzai." Ndinkamvetsera, n'kuluma bulangete.

Mwini nyumba imene tinkakhala anali mayi wamkulu, Aum Dema, mano ofiira ndi mtedza umene amatafuna. Tsiku lina mkamwini wake analedzera n'kumenya mkazi wake, mwana wa mayiyo. M'mawa ndinaona mayi uja akutsika makwerero ndi kamtolo ka zovala ndi uta, n'kuziika panja pa geti. Sanakalipe. Bambo uja anatola, ulendo. Ndinathamangira a Dokotala kuti andifunsire. Aum Dema anati, "Nyumbayi inali ya amayi anga, idzakhala ya mwana wanga wamkazi. Kuno kwathu mwamuna ndiye amabwera." Ndinamufotokozera zanga zonse. Anatafuna, natafuna, kenako anati, "Nanga wanuyo analowa m'nyumba ya yani? Anabweretsa chiyani?"

Abale, ndinakhala pansi pa makwerero. Chikamwini! Mwambo wa amayi anga, ndakauona kuseri kwa dziko! Ndinakumbukira tsiku la ukwati, Tichaona atakhala pamphasa pamaso pa a Mbewe, ankhoswe athu, akuti, "Roora, malowolo a kwathu aja, sinditha, ng'ombe ndilibe, ndikhala pachikamwini monga mwa kwanu." Ndipo kumowa ankanyada kuti akazi a Chichewa ndi aulere. Ndinaseka, ndinalira, Aum Dema akundisisita msana osamva kanthu.

Zaka zitatu zitakwana ine ndi a Dokotala tinabwerako. Ndinapeza mango anga asanu atadulidwa, anaotchera fodya. Tamandani watalika koma waonda, manja okhakhala ngati a gogo. Tichaona anati, "Mwabwera ndi chiyani kwa Amachaina?" Ndinati ndakutengera mphatso mwananga, uilandirira ku dare. Ndinagona kukomboni kwa NaBanda, n'kukatenga a Mbewe, amene tsopano amayenda ndi ndodo ziwiri koma mutu uli bwinobwino.

Ku bwalo la mfumu, limene kuno timati dare, Tichaona anaimirira atavala jekete. Anati pa Chishona mudzi ndi ana ndi za mwamuna. Mkulu wina wa imvi anati, "Zoona, mukwasha, mkamwini iwe. Ng'ombe za roora munapereka zingati?" Zii. "Kapena mbuzi?" Zii. Mayi wina kumbuyo anati, "Ngakhale nkhuku?" Anthu gwee kuseka. Iye thukuta kamukamu, akuti, "Ine ndinakwatira pa Chichewa." Mkulu uja anatembenukira kwa a Mbewe. "Sekuru, Chichewacho chimati chiyani?" A Mbewe anakhosomola kaye, mwadala. "Chimati nyumba ndi ya mayi, mwana ndi wa kwa mayi. Mkamwini ukwati ukatha amatuluka ndi zimene analowa nazo. Uyu analowa ndi bulangete limodzi ndi fosholo." Bwalo linamupatsa mwezi woti atuluke. Anakoka miyezi iwiri, mpaka tsiku lija la ngolo.

Ku Bhutan amuna akamapikisana kuponya mivi, akazi amaima pambali n'kumaimba nyimbo zonyoza wophonya. Ine ndinachita zomwezo. Ndinatsata ngolo kuchokera pakhomo mpaka pamsewu wa kromu, nsalu m'chiuno, ndikuimba: wa ulere uja wakudula lero, fosholo yako usaiwale, kumba, kumba, ukapeze kwanu! Tichaona anati, "Ambuya, chifundo." Ndinati chifundo chili m'chipinda cha feteleza, kachitenge. Abusa adzandilangiza Lamlungu, ndikudziwa, ndidzamva Lamlungu lomwelo.

Ife a m'mapulazi tinabisa mwambo wathu pansi pa bedi poopa kusekedwa, mpaka tinakhulupirira kuti tilibe. Ine ndinachita kukwera ndege zitatu kuti mayi wosadziwa dzina la Dedza andikumbutse. Tamandani ndamuuza kuti makiyi awa ndi ake, ndipo mwamuna amene adzamufune adzagogode.

Masana amenewo pabwalo panadzaza. Anabwera NaBanda ndi tsache lake, kusesa mapazi a munthu uja. Anabwera a Mbewe pa wilibala, akukankhidwa ndi akazi awo NaNkhoma. Anabwera a Zuze a ng'oma, ndi NaTembo wa ku Norton amene anangomva pafoni n'kukwera kombi ndi ufa m'manja. Anabwera Mai Chipo ndi Mai Tendai, Ashona enieni, ndi nkhuku iliyense. A Dokotala Moyo anaimitsa galimoto m'munda, folomani naye anatseka shedi. Anabwera a Lufeyo, a Jailosi, NaMwale wosamva, NaSakala ndi mapasa ake. Dzuwa litapendeka, pageti panaima munthu ndi khanda kumsana, ngolo itamusiya panjira. Tamandani anandiyang'ana, ine ndinayang'ana Tamandani, mwini nyumba. Anapita yekha kukatsegula. Wotsiriza kulowa anali Rumbidzai.